Kanema wa Bokosi la Maliro ndi Amayi a Gilibati

GULU LA MAKANEMA LA TIWONEKE, MITUNDU NDI NATHENJE
Zolembedwa za msonkhano wadzidzidzi wa komiti

Tsiku: Loweruka, 14 Juni 2025
Malo: Kuseri kwa golosale ya bambo Mbaraka, Nathenje
Nthawi yoyambira: 2 koloko masana, ngakhale tinapangana 1 koloko

Opezeka
A Calvin Mphonde, Wapampando
A Everlyn Chikadza, Mlembi
A Fadila Mbaraka, Msungichuma
A Hafizi Juma, wojambula ndi kulumikiza makanema
A Chipulumutso Zalewa, membala
A Gilibati Mdzeka, wochita masewero

Mlendo
Bambo Maliko Chapola, malume awo a Gilibati

Opepesa: A Lily Kamanga, mwana akudwala
Osabwera popanda mawu: A Davide Msosa

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano ndipo a Fadila anapemphera. Wapampando analandira bambo Maliko, nati ndi mwayi kuti munthu wamkulu wabwera kudzaona ntchito ya achinyamata. Bambo Maliko anati sanabwere kudzaona ntchito. Anakana mpando, anakana chakumwa, nakhala pa kreti pafupi ndi khomo.

2. Zolembedwa za msonkhano wapita

Mlembi anawerenga zolembedwa za pa 31 Meyi. Wapampando anapempha kuti mzere wina ufufutidwe, woti aliyense wofunsa za a Gilibati aziyankhidwa kuti "dikirani gawo lachiwiri". Anati mawuwo anali nthabwala chabe. Mlembi anati tsikulo iye anafunsa ngati alembedi zimenezo, Wapampando anati lembani, ndipo manja anakwezedwa. Mzerewo sunafufutidwe. Zolembedwazo zinavomerezedwa.

3. Lipoti la Msungichuma pa njira zopezera ndalama

Msungichuma anati gululi latha chaka ndi miyezi likuika makanema afupiafupi pa tsamba lake. Otitsatira achuluka kuposa anthu a pa Mitundu tsiku la msika, koma kuonera kwawo sikunatipatsepo ndi tambala yomwe. Anati amene analowa m'gululi poganiza kuti anthu akamaseka ndalama imagwera yokha m'foni, aiwale.

Anakumbutsa komiti njira zomwe tayesapo. Ya mphatso za ndalama zimene oonera amatumiza tikamaonetsa pompopompo pa layivi tinaidutsitsa kwa msuweni wa a Davide wa ku Joni, ndipo msuweniyo anasiya kuyankha foni. Eni mashopu amene timawatsatsira malonda ambiri amalipira mayunitsi, wina analipira sopo, ndipo wogulitsa mbewu wa ku Diamphwe anatipatsa paketi imodzi ya chimanga kuti tigawane gulu lonse. Kugulitsa kaunjika kudzera m'makanema kunkayenda, koma phindu lonse linkathera ku bandulo. Kujambula zinkhoswe kumathandizako, kungoti n'kwa nyengo yokolola yokha. Amene analipirapo ndalama yogwirika ndi mmodzi, bambo Lackson, kalipentala wokhoma mabokosi a maliro ku Mitundu. Ndalama yawo ndi imene tinagulira maikolofoni ndi nyali yojambulira.

A Chipulumutso anati n'chifukwa chake tisamaiwale amene akutidyetsa. Msungichuma anati iye akupereka lipoti, sakukopa voti.

4. Kanema wa bokosi la maliro: momwe zinayendera

Wapampando anapempha a Hafizi kuti afotokoze, pofuna kuti mlendo amve. A Hafizi anati seweroli linali lotsatsa mabokosi a bambo Lackson. A Gilibati amagona m'bokosi, atsikana a gulu amalira, kenaka a Gilibati amadzuka n'kunena kuti bokosilo n'lofewa moti sakufuna kutulukamo. Pamapeto pamatuluka dzina ndi nambala ya bambo Lackson. Anati popeza oonera amabwereranso nkhani ikadulidwa pakati, komiti inagwirizana zolidula pawiri. M'gawo loyamba munali bokosi, thonje m'mphuno, kulira, ndi mawu oti "Usa mumtendere Gilibati". Munalibe choseketsa, munalibe dzina la malonda. Linaikidwa Lolemba pa 2 Juni, ndipo lachiwiri limayenera kutsatira mawa lake. Anaonjeza kuti anthu anakopera kanemayo n'kumatumizirana m'magulu a pa foni, dzina la tsamba lathu litadulidwa.

Mlembi anafunsa chifukwa chimene gawo lachiwiri silinaikidwe mpaka lero. Wapampando anati Lachiwiri oonera ankakwera monga sizinachitikepo, ndipo iye anaona kuti n'chanzeru kudikira kaye. Kenaka zinthu zitaipa anachita mantha. Bambo Maliko anati, "Chanzeru."

A Gilibati anati Lolembalo analawirira kupita ku Dzalanyama kukapikula makala, monga amachitira gulu likapanda ntchito. Kumeneko kulibe netiweki. Anati za amayi awo sanade nazo nkhawa chifukwa foni ya amayiwo ndi ya mabatani.

Bambo Maliko anapatsidwa mwayi wolankhula. Anati Lachiwiri m'mawa mlongo wawo, amayi Naphiri, amene ndi mayi wobereka a Gilibati, anapita kuchigayo. Mtsikana wina kumeneko anawaonetsa kanemayo pa foni. Anthu anabwera nawo kunyumba atawagwirira uku ndi uku, ufa utatsala kuchigayo. Bambo Maliko anaimba foni ya a Gilibati, sinapezeke. Anapeza nambala ya Wapampando kwa mnyamata wa kabaza. Wapampando anayankha kuti, "Dikirani gawo lachiwiri, bwana," nadula. Ataimbanso, Wapampando sanayankhe.

Wapampando anati tsikulo ankaimba ndi anthu ambiri ndipo sanadziwe kuti ndi achibale. Bambo Maliko anati, "Ndinakuuza dzina langa, mwana iwe. Ndinati ndine malume ake." Wapampando anati mwina netiweki inkaduladula. A Fadila anapempha Wapampando kuti asiye kaye kuyankha.

Bambo Maliko anapitiriza kuti anatuma munthu ku Mitundu, kunyumba ya lendi ya a Gilibati. Munthuyo anapeza chitseko chokhoma, oyandikana nawo akulira, poti nawonso anali ataona kanemayo. Pofika madzulo kumudzi anali ataika masamba panjira, amayi a kumpingo atayamba nyimbo, abambo atatema nkhuni. Abale ena anachoka ku Nkhoma pa njinga. Anthu anagona pa siwa. Lachitatu amuna anali pa upo wofuna galimoto yoti akafufuzire mtembo m'zipatala.

A Gilibati anati tsiku lomwelo anabwerera podzera njira zam'mbali monga amachitira a makala, foni itathima, atanyamula thumba limodzi loti akasiyire amayi awo. Ataona masamba panjira ya kwawo anatsika pa njinga, navula chipewa, nayamba kukankha. Anafunsa mwana wina kuti maliro ndi a ndani. Mwanayo anathawa akukuwa. Atafika pabwalo nyimbo inaduka, amayi anabalalika, ena anasiya nsapato. Amayi awo anatuluka m'nyumba, anaima pakhomo, anawayang'ana, nagwa.

Bambo Maliko anati mlongo wawo anagonekedwa m'chipatala sabata yathunthu. Anali kale ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo madokotala anati ndi sitiroko. Dzanja ndi mwendo wakumanja n'zofooka. Amalankhula pang'onopang'ono, koma mutu ukugwira: amazindikira aliyense, ngakhale ana a oyandikana nawo, amadziwa amene wabwereka mpando ndi amene sanabweze. Munthu mmodzi yekha ndi amene sakumulandira.

A Gilibati anati atagwada pambali pa bedi m'chipatala, amayi awo anati, "Pepani bambo, mwasokoneza bedi. Mwana wanga ndinamuona ndi maso angawa, thonje lili m'mphuno." Anati anawauza dzina la galu wawo wakale, anawaonetsa chipsera cha khasu pa phazi, koma amayiwo ankangoti pepani bambo. Ndiye anapempha a Hafizi kuti awatumizire gawo lachiwiri, poganiza kuti amayi akaona akudzuka n'kuseka amvetsa kuti linali sewero.

Bambo Maliko anati pamenepo ndi pamene zinathera. Mlongo wawo anaonera mpaka kumapeto, natembenukira kukhoma, nati, "Amudzutsa mwana wanga. Akukamulimitsa m'minda ya eni." Kuyambira tsikulo amati woyendayu ndi ndondocha, wakufa wodzutsidwa ndi mankhwala kuti azigwirira ntchito anthu. A Gilibati akangoonekera pakhomo amayiwo amanjenjemera thupi lonse, moti namwino anawaletsa kulowa. Kumudzi abusa anayesa kuwafotokozera, iwonso bambo Maliko ayesa mpaka mawu kutha. Amayiwo amati onse akuwanamiza kuti asalire.

Msonkhano unaima kanthawi chifukwa a Gilibati sanathe kudzigwira. Mlembi naye sanathe kulemba, ndipo sachita manyazi kuzinena.

5. Pempho la a Gilibati ndi uthenga wa bambo Lackson

A Gilibati anapempha komiti kuti gawo loyamba lichotsedwe pa tsamba, lachiwiri lisaikidwe n'komwe. Anati tsiku lililonse pamapezeka munthu watsopano amene waona kanemayo n'kupita kumudzi kukapepesa maliro, ndipo aliyense wofika amatsimikizira amayi awo kuti iwo anafadi.

A Hafizi anati akumva chisoni kwambiri, koma kuchotsa pa tsamba lathu sikungabweze zomwe zili kale m'mafoni a anthu. Anati kanemayo ali ku Lilongwe, ali ku Dedza, ali ku Joni. Msungichuma anati n'zoona, koma kuchotsa kukutanthauza kuti ifeyo tasiya kudyerapo.

Wapampando anawerenga uthenga wa bambo Lackson. Anapepesa za matendawo ndipo anatumiza shuga. Anati chiikireni kanemayo foni yawo sikupuma poti anthu anazindikira kuti bokosilo ndi lawo, ndipo ali okonzeka kumalipira gululi mwezi ndi mwezi. Zofuna zawo ndi izi: gawo loyamba likhalebe, lachiwiri liikidwe, ndipo mwezi uliwonse pazituluka kanema watsopano, wogona m'bokosi akhale yemweyo chifukwa nkhope yake yadziwika. Wapampando anati ichi n'chimene takhala tikuchifuna chiyambire, kasitomala wokhazikika, ndipo amalonda ena angapo ayamba kale kufunsa mitengo yathu.

A Chipulumutso anati iwo anasiya utenanti wa fodya chifukwa cha gululi, ali ndi mkazi ndi mwana, ndipo apongozi awo amawatcha bambo wa mafoni. Anati, "Aise Gilibati, usandione ngati mfiti. Chisoni ndili nacho. Koma tikachotsa, amayi achira? Tikhala tataya zonse ziwiri."

Mlembi anapempha kulankhula ngati membala. Anati zimene tikukambazi n'zochititsa manyazi, kuti munthu wagwa pakhomo pake chifukwa cha nzeru zathu, ife tili pano kuwerengera makasitomala, malume ake atakhala pa kreti akumva. Wapampando anati Mlembi akumbuke kuti ntchito yake ndi kulemba. Mlembi walemba.

Malinga ndi malamulo a gulu, wokhudzidwa ndi nkhani savota, choncho a Gilibati sanavote. Ofuna kuti kanema achotsedwe anali a Fadila ndi a Everlyn. Ofuna kuti akhalebe anali a Hafizi ndi a Chipulumutso. Wapampando anadula mlandu povotera kuti akhalebe, nati akuchita izi ndi mtima wosweka. Mlembi sanathe kutsimikiza za mtimawo.

Chigamulo: gawo loyamba likhalebe, lachiwiri liikidwe Lolemba, ndipo gulu livomere ntchito ya bambo Lackson.

6. Wogona m'bokosi

Wapampando anati sangakakamize a Gilibati, ndipo akanyengerera bambo Lackson kuti alole nkhope ina. Anatchula a Chipulumutso. A Chipulumutso anati ayi, amayi awo ali moyo ndipo nawonso magazi awo amathamanga. Atamaliza kulankhula anazindikira zomwe anena, nawerama. A Hafizi anati iwo ndi ogwira foni, komanso kwawo sangawamvetse. Wapampando atafunsidwa ndi Msungichuma ngati iye sangagonemo, anati udindo wake sukumulola.

Kenaka a Gilibati anafunsa malume awo kuti kunyumba zikuyenda bwanji. Bambo Maliko anati sabisa: mankhwala ena ndi ogula, amayiwo akufunika kumapita kuchipatala kukawongola ziwalo, ndipo sangakwere kabaza, pamafunika galimoto. Dimba la amayiwo lauma chifukwa palibe wothirira. Fodya wa iwo bambo Maliko sanayende bwino chaka chino, ndipo mbuzi imene ikanagulitsidwa inaphedwa pa maliro aja.

A Gilibati anati, "Ndigonamo ndine."

Bambo Maliko anati, "Iwe Gilibati, wapenga?" A Gilibati anati sanapenge. Anati makala sangakwanitse galimoto ya kuchipatala, ndipo ntchito ina imene anthu akufuna kuwalipira ndi yomweyi. Anati, "Kwathu anandilira kale, malume. Palibenso wina woti agwe." Anapempha kuti gawo lawo lonse la ndalama lizipita kwa amayi awo. A Fadila anati lawonso lipite komweko. Mlembi anati lakenso. Ena anati akaganiza.

Bambo Maliko anati pali vuto. Mlongo wawo salandira chilichonse chochokera kwa a Gilibati. Thumba la makala lija analamula kuti likatayidwe kudambo, ndipo bulangete limene a Gilibati anagula anati lisalowe m'nyumba. Iwo bambo Maliko akabweretsa ndalama, amayiwo amafunsa kumene yachokera, chifukwa akudziwa kuti bambo Malikowo alibe. Chimene amalandira ndi manja awiri ndi chipepeso. Amene sanafike pa maliro akabwera ndi kangachepe, amawakhazika pamphasa, amathokoza, n'kuwafotokozera za mwana wawo.

Anati bodza amadana nalo, ndipo wakhala akuthamangitsa opepesawo. Koma ngati ndalamayi ikufuna kufika m'manja mwa mlongo wawo, njira ndi imodzi: ipite ngati chipepeso chochokera kwa anzake a malemu. Liwu lomalizali analinena akuyang'ana pansi.

Msungichuma anafunsa ngati zimenezi sizikutsekeratu njira yoti amayiwo adzavomereze mwana wawo. Bambo Maliko anati mwina zikutseka. Anafunsa a Gilibati kuti asankhe okha, poti mayi ndi wawo. A Gilibati anafunsa ngati madokotala anati mwendo ungayambenso kuyenda akamapita kukawongola. Bambo Maliko anati anatero. A Gilibati anati basi, chipite ngati chipepeso.

Chigamulo: a Gilibati apitirize kuchita sewerolo, kujambula kukhale Lachinayi ku shedi ya bambo Lackson, a Hafizi asadzadulenso kanema wa maliro pawiri, ndalama ya amayi Naphiri iziperekedwa monga bambo Maliko afotokozera. Mlembi anapempha kuti zilembedwe kuti chigamulochi chamuwawa.

7. Zina ndi zina

Wapampando anafuna kuti tikambe zogula foni yojambula bwino. Palibe anamuthandizira, nkhaniyo inagwa.

Panafunika munthu wokapereka chipepeso. Bambo Maliko anati akhale wamkazi, wodziwa kukhala pa siwa, komanso amene nkhope yake siili m'kanema uja. Maso onse anagwera kwa Mlembi. Mlembi anavomera. Apita Loweruka likubwerali, atavala chitenje ndi mpango.

A Gilibati anapempha kuti aperekeze Mlembi. Bambo Maliko anati angathe, koma athere pachigayo, asapitirire, ndipo asaime poonekera kuchokera pakhonde. A Gilibati anavomera. Anapempha Mlembi kuti akaonetsetse ngati amayi akudya, komanso ngati chala cha dzanja lija chayamba kugwedezeka. Kenaka anapempha chinthu china, nati nachonso chilembedwe kuti Mlembi asaiwale. Anati amayi akakayamba kufotokoza za mwana wawo, Mlembi asakawadule ndipo asakafulumire kutsanzika. Akasunge mawu onse, abwino ndi oipa omwe, adzawauze pachigayo.

Anati, "Achemwali, ine sandilankhulanso. Ndikufuna ndizimvako zomwe amanena za ine."

8. Msonkhano wotsatira

Udzachitika Loweruka pa 28 Juni 2025, 1 koloko masana, ku Mitundu. A Davide auzidwe kuti komiti ikufuna kumva za msuweni wawo.

9. Kutseka

Bambo Maliko anapemphera. Anapempherera mlongo wawo ndi mwana wa mlongo wawo, powatchula mayina onse awiri. Msonkhano unatha nthawi ili 4:40 madzulo. A Gilibati anaperekeza malume awo mpaka pa siteji, nabwerera okha ku Mitundu.

Wapampando: Calvin Mphonde ............................

Mlembi: Everlyn Chikadza ............................